Bitiruti wa m'ndowa wagwidwa: manja, neti, nimu, mankhwala a kushopu kapena kusintha dothi?

Ine bitiruti ndinayamba kudzala m'ndowa chifukwa cha lendi. Kuseri kwa nyumba yomwe ndimakhala ku Area 25 ndi simenti yokhayokha, pokumba palibe, nde ndinatolera ndowa zakale za penti za malita 20 ndi zigubu zodula pakati, kuboola pansi, kuthira dothi, basi dimba latheka. Ulendo woyamba masamba anayamba kuoneka ngati mwana wajambulapo mapu ndi choko, ndinathamangira kushopu ya zaulimi, anandipatsa kabotolo ka cypermethrin, ndinapopera kawiri koma mapu aja amangopitilira. Ndalama inapita, masamba sindinadye chifukwa cha mantha, ndipo vuto lenileni linali loti ndikanangolifinya ndi zala ziwiri. Nde musanagule chilichonse tiyeni tiziyeze njirazi bwinobwino.

Ndiziyeza pa zinthu zinayi. Mtengo, kutanthauza ndalama yotuluka m'thumba poyerekeza ndi bitiruti wa ndowa zisanu kapena khumi, chifukwa si munda wa maekala uwu. Kupezeka, ngati chinthucho mungachipeze pafupi tsiku lomwe mwachifuna. Ntchito yake, kuti muzibwereza kangati. Ndi chiwopsezo, kwa inu, kwa ana oseweretsa madzi pakhonde pomwepo, ndi kwa mbewu yeniyeniyo. Pa chiwopsezopo kumbukirani kuti bitiruti timadya zonse, tsinde lapansi ndi masamba omwe, ndipo amakhwima m'masabata 8 mpaka 10 okha, nthawi yoti mankhwala achoke m'thupi mwake ndi yochepa.

Koma choyamba dziwani chakugwirani, apa ndi pomwe ambiri timaluzira. Mizere yoyera yokhotakhota ngati mapu ndi kambozi kakang'ono komwe kali mkati mwenimweni mwa tsamba, pakati pa khungu lapamwamba ndi lapansi, kamaikidwa ndi kantchentche. Masamba opiringizika, onata, nyerere zikukwera ndi kutsika, tembenuzani muona nsabwe za m'masamba zitaunjikana kunsi. Masamba olumikizidwa ndi ulusi ngati wa kangaude, odyedwa mpaka kutsala ngati pepala loonekera, ndi mbozi zobiriwira zomwe zimadyanso bonongwe, poti bonongwe, sipinachi ndi bitiruti ndi banja limodzi ndipo adani awo ndi amodzi. Mbande yodulidwa pakhosi usiku ndi mbozi yodula, imabisala m'dothi pafupi pomwepo. Mbande yongowonda pakhosi ndikugwa yokha ndi nkhungu ya m'dothi lonyowa kwambiri. Timadontho tozungulira totuwa pakati, m'mphepete mofiirira, ndi matenda a nkhungu omwe akatswiri amati Cercospora, amakonda nthawi ya mvula kuyambira Disembala mpaka Malichi. Kutentha kwa Okutobala kumabwera ndi tiakangaude tofiira tosaoneka bwino, tsamba limangoyezuka ngati lathiridwa fumbi. Ndipo mukazula ndikupeza mizu ili ndi timatuza ngati mikanda, bitiruti wake wamng'ono ngati dzira la nkhunda, zimenezo ndi nyongolotsi za m'mizu zosaoneka ndi maso. Pomaliza pali china chomwe si kachilombo ayi: mukadula bitiruti ndikupeza madontho akuda olimba mkati, nthawi zambiri ndi kusowa kwa mchere wina wa m'nthaka wotchedwa boron, kupopera kulikonse pamenepo ndi kutaya ndalama.

Njira yoyamba: manja ndi ukhondo

Mtengo: palibe. Mwina lumo kapena sizasi yakale.

Kupezeka: muli nawo kale.

Ntchito yake: apa nde pali nkhani. Muyenera kumayendera ndowa zanu pafupifupi tsiku lililonse, mphindi zisanu m'mawa musanapite kokwera minibasi, kutembenuza masamba kuona kunsi. Kambozi ka mapu kaja mukayang'anitsa tsamba padzuwa mumakaona kumapeto kwa mzere, mumangofinya ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, kamaphulika mkati momwemo tsamba ndikupitiliza ntchito yake. Tsamba loonongeka kwambiri thothola, koma osathothola oposa limodzi pa atatu aliwonse chifukwa masambawo ndi amene akudyetsa tsinde lapansi. Nsabwe mumazipukuta ndi chala kapena kuzitsuka ndi madzi a m'botolo loboola pachivundikiro. Mbozi yodula mumafukula ndi kamtengo mozungulira mbande yomwe yagwa, simupita patali, mumaipeza itadzipinda ngati chilembo cha C. Nkhono ndi usiku ndi tochi ya pafoni. Masamba a madontho musataye m'ndowa momwemo kapena pa kompositi, nkhunguyo imakhalabe m'zinyalalazo, akataye kudzala kapena otcha.

Mu ukhondo momwemo muli kathiridwe ka madzi. Thirani pa dothi osati pamasamba, m'mawa osati usiku. Komanso kupatulira, chifukwa kanjere kamodzi ka bitiruti si kamodzi, ndi kachibulu ka njere zingapo, kamamera mbande ziwiri kapena zitatu pamodzi. Siyani imodzi, motalikirana masentimita 8 mpaka 10, mu ndowa ya malita 20 ine sindidutsa zisanu ndi ziwiri. Zikathithikana mpweya sudutsa, madontho amayamba pomwepo. Ndipo ubwino waukulu wa ndowa womwe mlimi wa kudimba alibe ndi woti imanyamulika: yadwala, ichotseni pa zinzake, mvula yalimbikira, kokerani pakhonde.

Chiwopsezo: kwa thupi palibe. Chiwopsezo ndi inuyo. Mukapita kumaliro kumudzi sabata yathunthu, pobwera mupeza nsabwe zachita kumanga mudzi. Komanso nyongolotsi za m'mizu manja sangazithe.

Njira yachiwiri: kuphimba ndi neti

Mtengo: mumalipira kamodzi. Neti yeniyeni ya kudimba yogulitsa pa mita ndi yodulirapo, koma makatani a lesi a pa kaunjika amagwira ntchito yomweyo pa mtengo wochepa, kungoti asakhale ndi maluwa oboola kwambiri. Onjezerani timitengo kapena waya wopinda ndi mphira womangira kukamwa kwa ndowa.

Kupezeka: m'tauni sizivuta, mu msika wa Tsoka ku Lilongwe kapena mu msika wa Limbe makatani simungawasowe. Ndikudziwa ambiri maso ali kale pa neti ya udzudzu. Chonde yapabedi isiyeni pabedi, malungo ndi bitiruti sizofanana mtengo. Ndipo maneti amenewa amabwera atanyikidwa kale m'mankhwala ophera udzudzu, nde ngakhale yakale yong'ambikayo isamagone pamasamba omwe mukadye, ikhale pamwamba pa timitengo.

Ntchito yake: yochepa, bola muphimbe tsiku lomwe mwafesa, osati mutaona kale mapu. Bitiruti safuna njuchi kuti abereke nde atha kukhala m'neti kuyambira kumera mpaka kuzula. Mumangotsegula pothirira ndi poyang'ana, kamodzi pa masiku awiri kapena atatu.

Chiwopsezo: neti imatsekera kunja agulugufe oikira mbozi, ntchentche zambiri za mapu, ziwala, mbalame, ngakhale nkhuku za aneba zomwe kwa ine ndi mdani woposa onsewa. Koma ikatsekera nsabwe mkati ndiye mwazimangira nyumba ya mpanda, chifukwa tizilombo tozidya, ngati tija tofiira ta madontho akuda tozungulira ngati theka la nandolo, sitingalowe. Nthawi ya mvula mkati mwa neti mumakhala chinyontho, madontho amakula msanga. Ndipo zomwe zinali kale m'dothi neti siiziona.

Njira yachitatu: sopo ndi zamasamba

Pano ndiphatikiza sopo, nimu, ombwe, tsabola ndi adyo ngakhale mphamvu zake sizofanana.

Mtengo: wochepa kwambiri. Sopo wamadzi wotsukira mbale muli naye kale, sipuleya ndi kabotolo kakale ka mankhwala opukutira mawindo kotsuka bwino.

Kupezeka: sopo, tsabola ndi adyo paliponse. Nimu amachuluka kotentha, Salima, Mangochi, Chikwawa, Nsanje, m'tauni mumapezeka mitengo apa ndi apo nde ndi nkhani yopempha. Ombwe ndi wa kumudzi, komwe anthu anadzala kuti abwezeretse chonde m'nthaka, m'tauni mpaka wina akubweretsereni.

Ntchito yake: yochuluka kuposa momwe amanenera anthu pa Facebook. Sopo ndi supuni yaying'ono imodzi pa lita imodzi ya madzi, ndipo amapha pokhapokha wakhudza kachilomboko, nde popelani kunsi kwa masamba komwe kuli nsabwe ndi tiakangaude, osati kungowaza pamwamba ngati mukudalitsa. Nimu mumasinja masamba kapena njere zouma, njere ndi zamphamvu kuposa masamba, kunyika usiku wonse, kusefa ndi kansalu, kudonthezera sopo pang'ono kuti amatirire, kupopera madzulo chifukwa dzuwa limamupha mphamvu msanga. Nimu sagwetsa mbozi pompopompo, amaichititsa kusiya kudya ndi kulephera kukula, nde musayembekezere kuona mitembo mawa lake. Zonsezi mumabwereza pa masiku 5 mpaka 7, mvula ikagwa mwayambiranso, ndipo zonyikazo sizisungika, zikagona masiku awiri fungo lake alandilodi abwera kudzafunsa.

Tsabola ndi adyo ndinene chilungamo, kwa ine amangothamangitsa pang'ono, chomwe chimagwira ntchito mu msakanizowo ndimaona ngati ndi sopo yemwe timathiramo uja.

Chiwopsezo: mawu oti zachilengedwe asakupusitseni. Ombwe ndi yemwe anthu ankaphera nsomba m'mitsinje, ali ndi poizoni weniweni, valani pulasitiki m'manja posinja, otsala osathira mu ngalande yopita kumtsinje kapena pafupi ndi damu la nsomba, ndipo dikirani masiku angapo musanathyole ndiwo. Chodabwitsa chake ombwe si yense ali ndi mphamvu, pali mtundu wina wooneka chimodzimodzi koma ulibe poizoniyo, mutha kupopera mwezi wathunthu mukungosambitsa mbozi. Madzi a fodya ine ndimakaniratu pa ndiwo zamasamba, chikonga chimalowa ngakhale pakhungu. Sopo wa ufa wochapira zovala amaotcha masamba ndipo m'ndowa mchere wake umaunjikana. Sopo wamadzi yemweyo mukachulutsa kapena kupopera masana dzuwa lili pamutu, mawa mupeza masamba apsa m'mphepete, yesani kaye pa ndowa imodzi.

Phulusa ndiliike pomwepa chifukwa aliyense amalithamangira. Kuwaza pang'ono mozungulira kuti nkhono zisadutse palibe vuto, koma m'ndowa dothi ndi lochepa, mukamathira sabata iliyonse limasintha dothi mpaka boron uja mizu imalephera kumutenga, mapeto ake madontho akuda mkati ndi khungu la nkhanambo. Ndinazionera pa ndowa ziwiri zomwe zinali pafupi ndi mbaula, mwana wanga ankangokhuthulira momwemo poganiza kuti akuthandiza.

Njira yachinayi: mankhwala a kushopu

Omwe mudzapatsidwe kawirikawiri ndi cypermethrin wa mbozi, dimethoate wa nsabwe, ndi a nkhungu monga Dithane M-45 kapena a kopa, copper oxychloride.

Mtengo: kabotolo kamodzi kamaoneka kotheka, koma werengerani. Muyezo wake ndi wa sipuleya ya kumsana ya malita 15 kapena 16, inu ndowa zisanu simumaliza ngakhale lita imodzi, nde mugwiritsa timadontho, kotsalako kakhala pawindo mpaka kutha mphamvu. Mankhwalawa ndi ochokera kunja, chigwereni kwacha mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti mitengo yake siyimanso malo amodzi. Nthawi zambiri botolo limaposa mtengo wa bitiruti yemwe mukumuteteza.

Kupezeka: mashopu a zaulimi ali pa trading centre iliyonse. Vuto ndi aja oyala pansi mumsika, othira m'timabotolo topanda lebulo kapena timapepala tomanga, simudziwa chomwe mwagula, muyezo wake, kapena tsiku lotha ntchito. Mankhwala ovomerezeka amalembetsedwa ku Pesticides Control Board, bungwe loyang'anira mankhwalawa, ndipo amabwera ndi lebulo yonse, opanda lebulo asiyeni ngakhale atchipe bwanji.

Ntchito yake: kupopera kwenikweniko ndi kochepa, kamodzi kapena kawiri zimaoneka. Koma pamafunika sirinji yoyezera, magolovesi, chophimba kukamwa, sipuleya yakeyake yosagwiritsa ntchito ina, ndi pobisa pokhoma. A nkhungu aja sachiritsa dontho lomwe latuluka kale, amangoteteza masamba atsopano, nde nthawi ya mvula mumabwereza pafupifupi sabata iliyonse.

Chiwopsezo: chachikulu pa njira zonse. Pa lebulo pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanakolole, awerengeni ndipo muwatsate, ndipo onani ngati mbewu yanu yatchulidwapo. Dimethoate amalowa mkati mwa mbewu, kutsuka sikumuchotsa, pa chinthu chomwe mumathyola masamba sabata iliyonse ine sindingamuyandikire. Mayiko a European Union anasiya kumuloleza mu 2019, ndipo mancozeb, yemwe ndi mphamvu ya mu Dithane, anatsatira patangopita nthawi pang'ono. Cypermethrin amapha zomwe wakhudza, kambozi ka mapu kali mkati mwa tsamba sakafikira bwino, koma amapha timavu tating'onoting'ono tomwe timadya kamboziko, nde mukapopera mapu amatha kuchuluka m'malo mochepa, ndi zomwe zinandichitikira zija. Tiakangaude tofiira natonso timakonda kubwera mwamphamvu pambuyo pake. Onjezerani kuti ndowa zili pakhonde pomwe pamakwawa mwana ndi pomwe mumayanika mbale.

Njira yachisanu: kusintha kapena kuphika dothi padzuwa

Iyi anthu saitchula chifukwa palibe chogulitsa, koma mavuto ambiri a m'ndowa amabwera ndi dothi. Ine dothi langa loyamba ndinakatapa kudimba la mnzanga komwe amalima tomato chaka ndi chaka, lakuda lokongola, osadziwa kuti ndanyamula ndi nyongolotsi za m'mizu zomwe. Pamwamba bitiruti ankangofota masana ngati wasowa madzi, ine kumangothira, pozula mizu yonse mikanda yokhayokha.

Mtengo: pulasitiki yoonekera mkati, manyowa owola bwino kapena kompositi, ndi mchenga pang'ono wa kumtsinje. Kwa a m'tauni mwina kulipira wa wilibala.

Kupezeka: dothi la pomwe sipanalimidwe tomato, therere, fodya kapena sipinachi posachedwa ndi lomwe mukufuna, ndipo m'tauni limavutirapo. Dzuwa lokha ndi laulere koma lili ndi nyengo yake.

Ntchito yake: yolemera koma kamodzi pa chaka. Khuthulani dothi, linyowetseni, liikeni m'matumba a pulasitiki yoonekera dothilo lisakhuthale kuposa chikhatho chimodzi ndi theka, mangani, yalani pa simenti padzuwa masabata 4 mpaka 6, Seputembala mpaka Novembala ndiye nthawi yake. Kutentha kwa mkatimo kumachepetsa kwambiri nyongolotsi, nkhungu zogwetsa mbande ndi njere za udzu. Ndowa zitsukeni ndi madzi a Jik pang'ono, onani kuti mabowo apansi sanatsekeke, ziikeni pa njerwa kuti madzi azituluka komanso zisakhudze nthaka. Pobwezera sakanizani ndi manyowa owola, amenewa ndi omwe amabweretsanso timichere ting'onoting'ono ngati boron. Ena amathira borax, koma m'ndowa malire a kuchiritsa ndi kuotcha ndi ochepa kwambiri, ine ndimakhala pa kompositi. Ndipo osabwereza bitiruti pa bitiruti kapena pa sipinachi mu dothi lomwelo, lowetsanipo anyezi.

Chiwopsezo: kwa thupi palibe, msana wokha. Ndowa zimakhala zopanda kanthu mwezi ndi theka. Mu Juni kapena Julayi kuphika dothi sikutheka, dzuwa lake ndi lofooka, mungodzinamiza. Manyowa osawola a nkhuku amaotcha mbande ndi kuitana mbozi. Komanso njira iyi siiletsa chilichonse chobwera chouluka.

Nde musankhe iti

Ngati muli ndi ndowa zosapitirira khumi ndipo mumagona pakhomo tsiku lililonse, manja ndi botolo la sopo zikukwanirani, makamaka mukafesa nthawi yozizira, Epulo mpaka Julayi, pomwe bitiruti wa mtundu ngati Detroit Dark Red amakula mosavuta ndipo madontho ndi ochepa.

Ngati mumachoka m'bandakucha kubwera usiku, kapena mumayendayenda, kapena aneba ali ndi nkhuku, neti kuyambira tsiku lofesa, ndikumatsegula Loweruka kuyang'ana nsabwe.

Ngati vuto lanu ndi mapu okha, zala ndi neti, botolo lisiyeni kushopu. Ngati ndi mbozi zolukira masamba ndipo pafupi pali bonongwe, tolani ndi manja kenako nimu madzulo, bonongweyo mumuyang'anenso chifukwa ndi komwe zikuchokera.

Ngati mukudzala nthawi ya mvula, kokerani ndowa pansi pa denga pomwe dzuwa limafika koma mvula siimenya, patulirani kwambiri, thotholani a madontho msanga. A kopa aganizireni pokhapokha madontho akudya masamba atsopano ndipo kwatsala masabata ambiri kuti muzule, ndipo nthawi imeneyo masamba musadye.

Ngati mwazula ndikupeza mikanda kumizu kapena mbande zikungogwa ulendo uliwonse, palibe chopopera, dothilo likaphikidwe mu Okutobala kapena litayidwe kutali ndi ndowa zina. Mukapeza madontho akuda mkati mwa bitiruti, siyani phulusa, onjezerani kompositi, ndipo madzi azikhala a nthawi zonse osati lero chigumula mawa chilala.

Ngati pakhomo pali ana aang'ono, mayi woyembekezera, kapena bitirutiyo mukumulimira wodwala kuti azimwa juwisi wake wosaphika, mankhwala a kushopu ndi ombwe achotseni pa mndandanda.

A kushopu amayamba kumveka mukafika pa matumba makumi angapo ogulitsa kumsika kapena kumalo odyera, pomwe manja sangakwanitse kuyendera tsamba lililonse. Pamenepo tengani tsamba lodwalalo m'kapepala, kawaonetseni alangizi a zaulimi a m'dera lanu musanagule, gulani cha lebulo, ndipo tsiku lomwe mwapopera mulilembe ndi makala pa ndowapo.